Alaliki, tiziwerenga zobwezedwa osati manja okwezedwa

Okondedwa a Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi alaliki anzathu, abusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano, komanso achinyamata amene amasenza zokuzira mawu kupita nazo m'misika ndi m'midzi. Anthu akangokolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mabwalo ambiri a mpira amasanduka makachisi. Zimenezo n'zabwino, pakuti pa Luka 24:47 Ambuye anatituma kulalikira m'dzina lawo kulapa ndi kukhululukidwa kwa machimo kwa anthu a mitundu yonse. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti malipoti a misonkhano imeneyi amabwera ndi nambala imodzi yokha: anthu akutiakuti anakweza manja. Za chimene chinasintha m'mudzimo alaliki alendo atapakira katundu wawo, palibe amafunsa.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, 77 anati ndi Akhristu. Choncho amene aima pabwalo kumvetsera mlaliki, ambiri a iwo dzina la Yesu analimva kale. Ambiri anabatizidwa, ena amaimba kwaya, ena ali ndi yunifolomu m'sutikesi. Munthu wotere mukamuuza kuti alandire Yesu akweza dzanja mosavuta, monga anakwezera chaka chatha. Chimene sanamvepo ndi mlaliki womutchulira tchimo lake lenileni, kumuonetsa Khristu amene analifera tchimolo, n'kuyenda naye mpaka atakonza zimene anawononga.

Yohane Mbatizi sankalalikira kulapa kopanda nkhope. Pa Luka 3:10-14 magulu atatu anamufunsa chochita, ndipo lililonse linalandira yankho lakelake. Wa malaya awiri agawireko amene alibe. Okhometsa msonkho asalipiritse zopyola zimene anawalamula. Asilikali asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Ulaliki wathu wambiri umangoti siyani machimo, kenaka n'kutchula mowa, fodya ndi zovala za atsikana, basi. Mlaliki asanaime, akhale masiku awiri kapena atatu m'deralo, afunse akulu a mipingo ya komweko kuti milandu imene imadzaza bwalo la amfumu ndi yotani. Kudera la fodya adzamva za matenanti ogwira ntchito chaka chonse n'kuchoka manja lendelende, ndipo Yakobo 5:4 amanena za malipiro obisidwa a okolola. Pamsika wa soya ndi chimanga adzamva za sikelo yofinyidwa, imene thumba la makilogalamu 50 imaliwerenga 45, ndipo Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga imamunyansa Mulungu. M'tauni muli katapila, ziphuphu za pawindo la ofesi, mabwana osalipira antchito a m'nyumba. M'midzi muli kusuntha malire a munda, kumene Deuteronomo 19:14 amaletsa, ndi kulanda katundu wa amasiye maliro asanazizire n'komwe. Machimo amenewa ndi a anthu okhala pamipando ya kutsogolo, n'chifukwa chake satchulidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mlaliki woopa kutchula zimenezi awerenge Ezekieli 33:7-9 aone mlandu wa mlonda amene sanachenjeze.

Koma kutchula tchimo si kuloza munthu chala. Mlaliki atchule mchitidwe, asatchule dzina, ndipo asafotokoze nkhani mwa njira yoti aliyense acheukire munthu mmodzi. Tchimo la munthu wodziwika limayambira pa Mateyu 18:15, awiriwiri, osati pa zokuzira mawu.

Palinso dzenje la mbali inayo. Alipo alaliki amene amatha ola lathunthu akukalipa, Yesu n'kumutchula pa pemphero lotsekera lokha. Anthu amachoka ndi mantha, ndipo mantha amatha dzuwa likatuluka. Uthenga Wabwino ndi nkhani ya zimene Mulungu anachita, monga Paulo akuifupikitsira pa 1 Akorinto 15:3-4: Khristu anafera machimo athu, anaikidwa m'manda, anauka tsiku lachitatu. Ulaliki wa pabwalo wa mphindi 35 kapena 40 ndi wokwanira, ndipo theka la nthawiyo lipite kwa Khristu, kuti ndi yani, anaferanji, ndipo amamulandira bwanji wochimwa. Ndime ikhale imodzi, iwerengedwe mokweza, ifotokozedwe. Kudumphadumpha m'mavesi khumi ndi awiri kumasangalatsa odziwa kale Baibulo, koma mayi wosawerenga amabwerera kunyumba wopanda chogwira. Aroma 2:4 amati ndi kukoma mtima kwa Mulungu kumene kumatsogolera munthu ku kulapa. Ndipo tinene pano za chizolowezi cholalikira m'Chingerezi ndi womasulira, pamene mlaliki, womasulira ndi omvera onse anayamwa Chichewa. Nthawi imawirikiza kawiri, mfundo imaduka pakati, ndipo agogo amamva kuti Mulungu ndi wa ophunzira. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Buku Loyera mu 1998. Mawu a Mulungu tili nawo m'chiyankhulo chathu.

Tsopano munthu wabwera kutsogolo, misozi ili m'masaya. Apa ndi pamene ntchito imayambira, komanso ndi pamene magulu ambiri amayamba kupinda mawaya. Misozi payokha siitiuza kanthu. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chobala kulapa, ndi chisoni cha dziko lapansi. Wina amalira chifukwa wagwidwa, wina chifukwa nyimbo yamukhudza, wina chifukwa cha njala ndi ngongole. Pafunika aphungu okonzedwa msonkhano usanayambe, mmodzi pa anthu osapitirira asanu, amuna kwa amuna, amayi kwa amayi. Phungu asayambe ndi kumubwerezetsa pemphero. Ayambe wafunsa: mwamva chiyani lero, n'chiyani chakubweretsani kuno? Yankho lidzaonetsa ngati munthuyo akufuna Mpulumutsi, kapena akufuna pemphero la mwana wodwala, kapena wangotsatira mnzake. Onsewo athandizidwe mwachikondi, koma asalembedwe onse kuti atembenuka mtima. Kenaka phungu alembe dzina, mudzi, chizindikiro cha pakhomo monga mjigo kapena mtengo wa mango, nambala ya foni ngati ilipo, ndi mpingo umene munthuyo akufuna kupitako. Mapepalawo aperekedwe kwa mipingo ya m'deralo usiku womwewo, asapite m'chikwama cha mlendo.

Munthuyo ayenderedwe pasanathe masiku atatu. Sabata ikadutsa, anzake a kumowa amakhala atafika kale, ndipo manyazi amakhala atamugwira. Pambuyo pake pakhale kalasi ya sabata ndi sabata, miyezi iwiri kapena itatu poyambira, ya anthu osapitirira khumi ndi awiri kuti aliyense athe kufunsa. Aphunzire kupemphera, kuwerenga Uthenga umodzi monga wa Marko kuyambira poyamba mpaka pomaliza, tanthauzo la ubatizo ndi mgonero, ndi mmene Mkhristu amakhalira ndi banja, ndalama ndi anansi. Osadziwa kuwerenga apatsidwe mnzawo wowawerengera. Pokonza bajeti, musathere ndalama zonse pa jenereta, mafuta, mapositala ndi chakudya cha alendo. Gawo limodzi mwa magawo atatu lisungidwire Mabaibulo ndi mayendedwe a oyendera anthu. Msonkhano wopanda chotsatira uli ngati kufesa nazale n'kupita kumudzi osasiya wothirira.

Mbiri ya mpingo m'dziko muno ili ndi phunziro pa nkhani ya nthawi. Mishoni ya Livingstonia inafika ku Cape Maclear mu 1875, koma woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Amishoni aja sanathamangire nambala. Komabe pambuyo pake makalasi a ubatizo anatalika mpaka zaka, anthu anatopa kudikira pakhomo, ndipo pamene mlaliki wina, Elliot Kamwana, anafika kudera la Nkhata Bay mu 1908, anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka. Kuchedwetsa munthu wolapa mpaka kumufooketsa n'kulakwa, kumuthamangitsira m'madzi asanamvetse kanthu n'kulakwanso. Paulo anakhala chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi ku Korinto, ndi zaka zitatu ku Efeso, akuphunzitsa poyera ndi m'nyumba.

Nkhani imene tikufuna kukhalitsapo ndi ya kubweza, chifukwa ndi imene yasowa kwambiri m'ulaliki wa masiku ano. Pa Machitidwe 26:20 Paulo akuti ankauza anthu kuti alape, atembenukire kwa Mulungu, ndi kuchita ntchito zoyenera kulapako. Numeri 5:6-7 amapereka muyeso womveka: wolakwira mnzake aulule, abweze zonse, awonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu. Amene anadya K50,000 ya gulu abweze K60,000. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi, koma zinachokera mumtima mwake, choncho musaike muyeso umenewo pa munthu aliyense ngati lamulo. Ndipo tione dongosolo lake: Yesu analowa m'nyumba ya Zakeyu kaye, kubweza kunabwera pambuyo. Kubweza sikugula chikhululukiro, chimene ndi mphatso yaulere monga akunenera Aefeso 2:8-9. Ndi chipatso choonetsa kuti mtima watembenukadi.

Kubweza kuli ndi kachitidwe kake, ndipo kukachitika mwachisawawa kumabala ngozi. Munthu amene anaba mbuzi zaka ziwiri zapitazo musamutumize yekha kwa mwini wake. M'madera ena wakuba akadziwika anthu amangomulanga okha, ndipo miyoyo yatayikapo. Mkulu wa mpingo apite kaye yekha akakonze njira, amfumu adziwitsidwe, ndipo tsiku lobweza pakhale mboni ziwiri. Ngati mbuziyo inadyedwa kale, abweze ina yofanana kapena mtengo wake wa lero, osati wa chaka chimene anaiba. Ngati alibe zonse, agwirizane zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe, ndipo mkulu mmodzi azitsatira mwezi ndi mwezi. Mwini wake ngati anamwalira, zipite kwa ana ake kapena abale ake. Malire a munda abwezedwe pamaso pa amfumu ndi eni mbumba, m'chilimwe anthu asanayambe kuunga mizere, chifukwa mbewu zikamera mkangano wa zokolola umabisa nkhani yeniyeni. Amene analanda malata, njinga kapena makina osokera a mkazi wamasiye azibweze pakhomo pomwe anazitenga, masana anthu akuona. Adziwenso kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu pa lamulo la chuma cha masiye la 2011.

Pali zina zimene siziyenera kuululidwa pagulu. Kupatsa munthu maikolofoni kuti anene amene anachita naye chigololo ndi kuwononga banja la wina amene sanafunsidwe, ndipo mkazi angathe kumenyedwa usiku womwewo. Kuulula kufike pamene tchimo linafika: la mumtima kwa Mulungu, lolakwira munthu kwa munthuyo, lodziwika ndi mpingo wonse kwa mpingo. Wolapa chigololo athetse chibwenzicho, akayezetse magazi, ndipo nkhani youza mnzake wa m'banja ikonzedwe ndi abusa pamodzi ndi ankhoswe. Komano zina siziyenera kubisidwa. Munthu akaulula kuti wagwiririra mwana, kapena wakwatira mtsikana wosakwana zaka 18, zimene malamulo a dziko lino amaletsa, phungu asalonjeze chinsinsi. Mwanayo atetezedwe tsiku lomwelo, apite kuchipatala, ndipo nkhani ifike ku Victim Support Unit ya polisi. Mulungu amakhululuka, koma wolapa weniweni sathawa bwalo la milandu, ndipo mpingo wokambirana nkhani yotere m'chipinda n'kulipiritsa nkhuku umakhala wachimwira mwanayo kachiwiri.

Za ufiti tinene mosapsatira. Mlaliki woloza agogo kapena mwana kuti ndi mfiti, n'kumuumiriza kuti alape pagulu, sakulalikira kulapa. Akuyatsa moto umene wapsereza kale nyumba ndi kuphetsa okalamba m'dziko muno, ndipo lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mwana woopsezedwa amavomera chilichonse. Pa Machitidwe 19:18-19 anthu a ku Efeso anabwera okha, naulula okha, natentha mabuku awoawo a matsenga. Palibe anafufuzidwa m'nyumba. Wina akabweretsa yekha chithumwa chake, chitenthedwe pamaso pa akulu awiri kapena atatu, popanda chionetsero, ndipo aphunzitsidwe za chitetezo cha Khristu, chifukwa chimene chinamupititsa kwa sing'anga ndi mantha, ndipo mantha akapanda kuyankhidwa adzapitanso. Chimodzimodzi, musauze munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a shuga pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Kumwa mankhwala si tchimo loti munthu alape.

Kulapa kwina kumakhudza mphika wa pakhomo. Mayi wotcheza kachasu amalipirira ana sukulu ndi ntchito imeneyo. Kumuuza kuti aphwanye mbiya osamufunsa kuti mawa adya chiyani ndi kumukonzera kugwa. Aefeso 4:28 sakungoti wakuba aleke kuba, akuti agwire ntchito ndi manja ake mpaka akhale n'chogawira ena, ndipo Mateyu 12:43-45 amachenjeza za nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo. Mpingo umuthandize kulowa banki m'khonde, umupezere mpamba wa mandasi, tomato kapena nkhuku, ndipo amayi a mpingo akhale oyamba kumugula. Bambo wa mitala asauzidwe usiku wa msonkhano kuti athamangitse mkazi wamng'ono. Mipingo imasiyana pa kayendetsedwe ka nkhani imeneyi, choncho ipite kwa abusa ndi akulu a mpingo umene akulowa. Koma chilichonse chimene angagamule, udindo wodyetsa ndi kuphunzitsa ana onse sumuchoka, ndipo mayiyo si chinyalala choti chitayidwe kuti bambo ayere.

Pamaliro ndi pamene mlaliki wa ku Malawi amapeza gulu lalikulu koposa: amfumu, a zipembedzo zina, ndi amuna amene sapondako kutchalitchi. Mwayi umenewu timauwononga m'njira ziwiri. Ena amaweruza malemu, ena amawalowetsa kumwamba pofuna kusangalatsa abale. Zonsezi si zathu. Lankhulani kwa amoyo, mphindi 20 zokha, poti adzukulu adzuka m'bandakucha ndipo ena achokera kutali. Tonthozani ofedwa kaye, kenaka nenani zoona za imfa, chiweruzo ndi kuuka kwa Khristu. Musagwiritse ntchito bokosi ngati chikwapu, ndipo musanyoze mpingo wina kapena Asilamu amene abwera kudzakhuza. Petro akuti tiyankhe za chiyembekezo chathu mofatsa ndi mwaulemu. M'basi namo, pemphani chilolezo kwa dalaivala, mphindi 10 zikwane, ndipo musaopseze anthu ndi ngozi za pamsewu kenaka n'kuyendetsa chipewa. Anthu amaona kuti pempherolo linali malonda.

Ndalama ndi zimene zaipitsa dzina la mlaliki koposa china chilichonse. Pamene kuitanira anthu kutsogolo kwasanganizidwa ndi envelopu ya chopereka chotchedwa mbewu, madzi odzozedwa kapena mtengo wokaonana ndi munthu wa Mulungu, wosauka amaphunzira kuti chisomo chili ndi mtengo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu, Petro pa Machitidwe 8:20-22 anamuuza kuti alape. Chopereka cholipirira msonkhano chisonkhedwe m'mipingo yokonza msonkhanowo usanayambe, chiwerengedwe ndi anthu atatu, lipoti liwerengedwe poyera. Pabwalo pasayende mbale.

Muyeso ukhale umodzi kwa wamng'ono ndi wamkulu. Mneneri Natani anauza mfumu Davide pamaso kuti wochimwayo ndi iyeyo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, ikutchula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kutsekereza anthu pakamwa ndi kumanga anthu popanda mlandu, pa nthawi imene kunena zotero kunali kuika moyo pachiswe. Lero mtsikana wotenga mimba amadulidwa mgonero Lamulungu lotsatira, pamene wopereka matumba 100 a simenti safunsidwa kumene ndalamazo zachokera, ndipo mwamuna wopereka mimbayo nthawi zina saitanidwa n'komwe. Achinyamata amaziona zimenezi, ndipo akamva mawu oti lapani amaseka. Izi sizikutanthauza kusandutsa guwa kukhala nsanja ya chipani. Mlaliki amene amaona machimo a chipani chimodzi chokha wasanduka wokopa mavoti.

Zokonzekera zina n'zodziwika, tingozikumbutsa mwachidule. Kaonaneni ndi amfumu musanakhome msasa, m'tauni dziwitsani khonsolo ndi apolisi, ndipo itanani mipingo yonse ya m'deralo kuyambira pokonza, chifukwa ndi imene idzatsale ndi anthuwo. Pewani tsiku la msika ndi nyengo ya mayeso ngati bwalo lili pasukulu. Zokuzira mawu zisayang'ane kuchipatala kapena kumzikiti, ndipo zizimitsidwe anthu akamagona. Amayi ndi atsikana afike kunyumba kusanade kwambiri.

Mlaliki mwini akhale pansi pa mpingo wodziwika, ndi akulu amene angathe kumufunsa za banja lake ndi za ndalama, ngakhale kumukhazika pansi. Asachite uphungu kwa mayi ali awiriwiri m'chipinda chotseka. Asaonjezere nambala mu lipoti pofuna kukondweretsa othandiza a kunja, poti limenelo ndi bodza ngati mabodza ena onse amene akuuza anthu kuti alape.

Pempho lathu kwa masinodi, madayosizi ndi mabungwe otumiza alaliki ndi lakuti fomu ya lipoti isinthe. Lipoti loyamba libwere msonkhano utangotha, lachiwiri patatha miyezi isanu ndi umodzi, lolembedwa ndi mpingo wa m'deralo osati ndi mlendo. Linene kuti mwa amene analembedwa, angati anayenderedwa, angati anamaliza kalasi, angati akusonkhanabe, ndi milandu ingati ya katundu, malire kapena mabanja imene inakonzedwa. Ndalama za msonkhano wotsatira m'dera lomwelo zidikire lipoti lachiwirilo.

Ife anu,
Alaliki ndi aphunzitsi a kalasi,
Lilongwe